Dzina Limene a Felton Anabisa

Foni inathawa m'dzanja la Ivy, inamenya chitsulo cha bedi n'kukagwera pansi chagada. Anaimenya ndi bambo ake, a Felton, ndi dzanja lamanzere, lokhalo limene linatsala ndi mphamvu. Munthu amene m'mawa womwewo analephera kunyamula supuni anaponya khofi ngati mnyamata.

"Nyet, nyet," anatero a Felton, kenako n'kukhuthula mawu ambirimbiri a Chirasha omwe Ivy sanatolepo ngakhale limodzi.

Ivy anawerama n'kutola foni ija. Galasi linali litang'aluka pakona, koma nkhope ya a Rogers, mng'ono wa bambo akewo, inkaonekabe. Anali khale pakhonde kwawo ku Mchinji, dzuwa likuwawomba padazi.

"Ndaona ndekha, mwanawe," anatero a Rogers. "Nkhope yanga yamunyansa. Usadzivute."

"Bambo aang'ono, si choncho ayi. Ndi matenda awa."

"Dzanja lomenyera foni lilipo, pakamwa popemphera ndiye palibe? Mawu anga ndi omwe aja. Ngati akufuna kudzagona pambali pa amayi, apemphe yekha ndi pakamwa pake. Kumanda si kudepoti koti wina n'kukugulira tikiti."

Foni inaduka. Ivy anakhala pampando wapulasitiki wa pambali pa bedi. Madokotala a pachipatala cha ku Romford, mumzinda wa London, anali atamuuza mosapita m'mbali kuti aitane achibale, poti sitiroko yachiwiriyi inali italowa kwambiri. Inawalanda a Felton mbali yonse yakumanja, inawalandanso Chichewa ndi Chingerezi, n'kuwasiyira Chirasha chokha, chilankhulo chimene Ivy sanawamvepo akulankhula chibadwire. Chikhalirecho bambowa chaka ndi chaka ankanena chinthu chimodzi chokha: "Ine mukandiike ku Mchinji, pafupi ndi amayi. Dothi la kuno n'lozizira." Koma manda a pabanjapo mwini wake anali a Rogers, ndipo panalibe mlongo kapena mdzukulu amene akanakumba dzenje iwo atakana.

Mkangano wa abale awiriwa unali waukulu kuposa eni akewo. Ivy ali mwana, bambo ake ankamufotokozera motere. Alenje awiri, Mmereka ndi Mrasha, anathandizana kupha njati yolusa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija. Njati itagwa anayamba kuyang'anizana m'maso, aliyense akuopa kuti mnzake atenga ntchafu zonse ziwiri. Kumenyana okhaokha ankaopa, poti aliyense anali ndi bomba lotha kupsereza dziko lonse, ndiye anayamba kuyendayenda m'mayiko a anthu osauka, kufunsira ngati afunsira mbeta. Wina ankabwera ndi mfuti ndi ngongole, wina ndi mfuti ndi sukulu.

"Ine ndinangotola sukuluyo," ankatero a Felton. "Za chikomyunizimu ndinakazimvera konko. Ine ndinkafuna kudziwa momwe magetsi amayendera mu waya."

Tsoka lake, boma la kwawo nthawi imeneyo linali litasankha mbali ya kumadzulo, ndipo Mmalawi aliyense wopezeka kwa Arasha ankatchedwa chigawenga. A Felton anadutsa malire podzera m'minda ya fodya, anafika ku Lusaka, n'kukwera ndege yopita ku Kharkiv, mzinda wa ku Ukraine umene nthawiyo unali m'dziko la Arasha, osatsanzika munthu. Kumeneko anakhala chete zaka ziwiri. Chaka chachitatu kusowa kwawo kunawapweteka, ndipo anatumiza chithunzi chimodzi kudzera kwa woyendetsa lole wa ku Chipata. Pachithunzipo anaima m'chipale chofewa, atavala chipewa chaubweya chokhala ndi makutu, kumbuyo kwawo kuli nyumba yolembedwa zilembo zachilendo. Amayi awo, chifukwa cha kunyadira mwana, anachipachika pakhoma moyang'anizana ndi khomo. Mnyamata wina wogulitsa makadi a chipani anachiona atabwera kudzapempha madzi akumwa.

Mwini chithunzi anali kutali, choncho anatenga amene anali pafupi. A Rogers anali atangoyamba kumene uphunzitsi. Anakhala m'ndende zaka zambiri osaonapo khoti, ndipo potuluka anapeza ntchito palibe, mkazi amene anamutomera ali ndi ana a munthu wina, amayi awo ali kumanda. Zinthu zitasintha kumudzi, a Felton anapitako kamodzi ndi sutukesi ya mphatso. A Rogers sanatuluke m'nyumba. A Felton nawo, poti kuuma mutu kunali kwa pamtundu, anaima pabwalo n'kunena kuti, "Ine sindinamange munthu." Anabwerera ku London, kumene digiri yawo ya kwa Arasha inali pepala wamba, n'kukalamba akuika mawaya m'nyumba za eni.

Ivy ali chikhalire pampando paja, panalowa anti Mable, mng'ono wa malemu mayi ake, mayi wa ku Lusaka wosatha mawu. Anali atachokera ku Tottenham ndi chikwama chodzaza zipatso zimene wodwalayo sakanatha kumeza.

"Ba mulamu, ni nkhani bwanji iyi?" anatero akuwakonza pilo. "Zaka zonse izi mwenze kutinamiza ati ndimwe a Chewa, kansi ndimwe mu Russia? Sembe munakamba, lobola tinakulipilitsani double."

A Felton anawayang'ana ngati munthu wodutsa mumsewu, n'kupitiriza kung'ung'udza zawo. Anti Mable anasiya kukonza pilo uja. Nthabwala za pachilamu zinali zisanabwererepo chimanjamanja chonchi.

"Sumayesa pa foni, iwe Ivy? Ma app yamasulira zonse masiku yano."

"Ndayesa, anti. Lilime lawo lalemera, app ikungolemba za mbatata ndi sitima."

"Nanga ba hospital balibe interpreter?"

"Alipo wa pa foni. Koma akangoona foni ndi nkhondo, mwaona galasili. Woti abwere yekha pa ward akuti ndi next week."

"Next week," anatero anti Mable. "Imfa nayo baipatsa appointment?"

Ivy anali atatopa mpaka m'mafupa. Ankayendetsa tiramu, sitima yoyenda mumsewu, ku Croydon kuyambira m'mawa, akaweruka n'kudula mzinda wonse pa sitima kudzakhala pambali pa munthu amene sankamudziwanso. Chimene chinkamudya mtima kwambiri chinali chakuti bambo ake ankalankhula ndithu, tsiku lonse, mochonderera, atamugwira malaya. Mwina ankapepesa kwa mng'ono wawo, mwina mawu amene a Rogers ankawadikira anali kutuluka ola lililonse n'kumagwera pansi.

Anti Mable anamugunda ndi chigongono.

"Uyo mai wa ku window, wamuona? Ali kusendera bamuna bake lalanje. Ba mulamu bakayamba kukamba, manja yake yaleka kusenda. Uja amvera, nikuuza ine. Mlendo ndiye abwera na kalumo kakuthwa."

Ivy anamutsatira mayi uja pamene ankapita kukatunga madzi kukhonde la wodi. Anali mzungu wa zaka ngati makumi asanu ndi limodzi, watsitsi la imvi lometa lalifupi. Dzina lake anali Halyna, wothawa nkhondo ku Ukraine. Analankhulana m'Chingerezi, cha mayiyo chothyokathyoka.

"Mayi, pepani. Kodi mukumva zimene bambo anga akunena?"

Halyna anatseka mpopi, n'kuyang'ana botolo lake nthawi yaitali.

"Ndikumva," anatero. "Ndinabadwira m'chilankhulo chimenecho. Ndinakwatiwa nacho. Mwana wanga ndinkamugoneka ndi nyimbo zake. Anthu amene anamupha ankalankhulanso chomwecho. Tsiku limene tinamuika ndinalumbira pamanda ake kuti sichidzatulukanso pakamwa panga."

"Sindikupempha zambiri. Bambo anga akufa, ndipo pali mawu amene..."

"Aliyense akufa, mwana wanga," anatero Halyna mosakweza mawu, n'kubwerera kwa mwamuna wake.

Ivy anapsa mtima, koma analibe poukhuthulira. Mayi woferedwa mwana ungamunene chiyani? Anabwerera pampando wake n'kumayang'ana chikwama cha zipatso chija.

Mawa lake masana anapeza bambo ake atafookeratu. Milomo inali itauma, mawu akutuluka ngati a munthu wolankhulira m'chitini. Kuwindo kuja bedi linali litayalulidwa. Mwamuna wa Halyna anali atatulutsidwa, ali pa njinga ya odwala kudikira galimoto. Halyna anali atavala kale jasi. Anadutsa pa bedi la a Felton, anafika pakhomo, kenako anabwerera n'kuima kumiyendo.

"Atchula msewu wa kwathu ku Kharkiv," anatero osamuyang'ana Ivy. "Ndinkagula buledi kumeneko. Nyumba zake zambiri zinagwa. Ndikuuzani zimene akunena. Koma kuwayankha, ayi."

Ivy anaimirira. Anti Mable anasiya kusenda nthochi. A Felton ankalankhula atatsinzina, ndipo Halyna ankatsatira pambuyo pawo pang'onopang'ono.

"Akuti chotsani lamya m'chipinda muno. Akuti lamya zonse zili ndi makutu, kuno amamvetsera, kwawonso amamvetsera. Akuti aliyense asaimbe kumudzi, asanene kuti ali kuno. Akamva, akatenga mng'ono wake." Halyna anaima pang'ono. "Akuti mng'ono wake ndi mwana, wangoyamba kumene kuphunzitsa, ali ndi chifuwa, ndende sangaipirire."

"Akutchula dzina?" anafunsa Ivy.

"Ayi. Akuti dzinalo salitchula, ngakhale amumenye. Tsopano akunena za chithunzi. Akuti wina athamangire woyendetsa lole, amulande chithunzicho. Ngati chafika kale, amayi asachipachike. Achitenthe. Akubwereza zomwezo: achitenthe, achitenthe."

Anti Mable anaphimba nkhope ndi chitenje. Masiku onsewa Ivy ankaganiza kuti bambo ake akukana foni chifukwa cha kudzikuza kuja, ndipo nayenso mumtima ankawadzudzula. Koma iwo anali atabwerera m'chipinda cha ana a sukulu ku Kharkiv, chithunzi chili panjira, mng'ono wawo asanamangidwe, ndipo ankayesetsa ndi dzanja limodzi kutseka khomo limene linathyoledwa kalekale.

"Mayi, chonde," anatero Ivy atagwada pansi pamaso pa wodi yonse. "Auzeni kuti zinatha. Auzeni kuti boma lija linachoka, dziko la Arasha lija linagawanika, palibenso amene akumvetsera. Mawu awiri okha. Ine sangandimve."

Halyna anayang'ana kwa mwamuna wake. Bamboyo anaweramitsa mutu. Kenako mayiyo anasendera kumutu kwa bedi, anatsegula pakamwa, anatseka, anatsegulanso. Mawu anatuluka okhakhala ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa dzinja lonse. Analankhula pang'ono, misozi ikutsikira m'jasi.

A Felton anatsegula maso. Anamuyang'ana mzunguyo kuyambira kumutu mpaka m'manja, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa pawo inamwetulira mochenjera. Anayankha mwachidule n'kutembenukira kukhoma.

"Ati chiyani?" anafunsa Ivy.

"Akuti onse otumidwa amanena choncho. Akuti ndikauze ondituma kuti iye alibe m'bale." Halyna anapukuta nkhope ndi kuseri kwa dzanja. "Ndathyola lumbiro langa pachabe. Ndipo akunena zoona bambo anuwa. Ine ndawanamiza. Zikanakhala kuti zinatha, bwenzi mwana wanga ali moyo."

Anakankha njinga ya mwamuna wake n'kutuluka, osatembenukanso.

Ivy anathamangira kukhonde n'kuimbira ku Mchinji. Anafotokoza zonse mwaphuma, za lamya, za chifuwa, za chithunzi. Kumbali inayo kunkamveka nkhuku ndi wailesi ya kwa aneba. A Rogers anamvetsera mpaka pamapeto.

"Wakuuza ndani zimenezi?"

"Mayi wina wa ku Ukraine. Amamva Chirasha."

"Womasulira," anatero a Rogers, n'kuseka kuseka kopanda mano. "Mwanawe, ine omasulira ndinakhala nawo. M'chipinda chija cha kundende munkabwera anthu ovala bwino kudzandimasulira zimene mkulu wanga akuganiza. Lero akuti wakutuma uphe anthu. Mawa akuti wakukana, wati sakudziwa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikumva za Felton kuchokera pakamwa pa anthu ena."

"Koma bambo aang'ono, chibale ndi fupa."

"Fupa limathyoka, funsa mwendo wangawu." Anapuma movutikira ndi chifuwa chawo chija. Atayambanso kulankhula, mawu anali atatsika. "Chabwino. Kupempha ndakusiya. Chichewa chathawa, chithawe. Koma dzina la munthu silisintha, m'Chirasha kaya m'Chizungu. Angonditchula. Ndimve ndi khutu langali akuti Rogers, mawa lomwe ndikaonetsa anyamata pokumba."

Ivy anaona ngati mtolo watsika. Dzina limodzi lokha. Anaika foni m'thumba la juzi osaidula, n'kubwerera pa bedi. Anti Mable anamuyang'ana, anayang'ana thumbalo, n'kupukusa mutu.

"Adadi," anatero Ivy atawagwira dzanja, "ndine Ivy. Kumudzi kuli ndani? Mng'ono wanu uja, mphunzitsi uja, dzina lake ndani?"

A Felton ankangoyang'ana kudenga.

"Nenani nane, adadi. Ro..."

Dzanja lamanzere lija linakwera n'kumutseka pakamwa. Silinamumenye. Linangomugwira mwamphamvu, lozizira, lonunkha mankhwala, ndipo maso a bambo ake ankaloza kukhomo, kuwindo, ku kabowo ka mpweya kudenga. Kaya mawu ena onse anawataya, chiyambi cha dzina limenelo anachimva.

Apo m'thumba la juzi munatuluka mawu a nkhalamba, ang'onoang'ono, onjenjemera.

"Achimwene. Achimwene, ndi ine. Ndili pakhonde pa amayi. Ingonditchulani basi."

Zimene zinachitika pankhope ya a Felton, Ivy sadzaziiwala. Analizindikira liwulo. Anayesa kudzuka, mbali yakufa ija ikuwakokera pansi, ndipo analira kulira kwa munthu amene wafika mochedwa pamoto. Kwa iwo liwu la mng'ono wawo m'lamya linkatanthauza chinthu chimodzi: amugwira, ali naye m'chipinda, akumukakamiza kuitana. Makina a pambali pa bedi anayamba kulira. Namwino anabwera chothamanga.

"Achimwene, mukundimva?" foni inkapitiriza. "Ivy, ayandikizire. Ayandikizire pakamwa."

Ivy anaitulutsa foni ija. Ankadziwa kuti akanaigwira pomwepo kanthawi kena, mwina m'kulira kuja dzinalo likanapulumuka, ndipo manda a ku Mchinji akanatseguka. Ankadziwanso kuti bambo ake akanafa akukhulupirira kuti apereka mng'ono wawo ndi pakamwa pawo. Anayang'ana nkhope ya a Rogers pagalasi long'aluka lija, nkhope yodikira, yofanana ndi ya bambo ake ngati anaigawa pakati.

"Pepani, bambo aang'ono," anatero.

Anadina batani mpaka foni inazima. Anaionetsa kwa bambo ake, yakuda bii, kenako anaipereka kwa anti Mable kuti atuluke nayo panja. A Felton anaitsatira ndi maso mpaka inadutsa pakhomo. Pang'onopang'ono kupuma kwawo kunabwerera m'malo. Anamusisita Ivy padzanja ngati mnzawo wa pachiwembu amene wagwira ntchito yabwino, n'kuika chala pamilomo.

Madzulo ake Ivy atayatsa foni anapeza uthenga wa mawu kuchokera kwa mwana wamkazi wa a Rogers. "Achemwali, adadi akuti ayesa kawiri, koyamba munawagwetsera pansi, kachiwiri mwawadulira. Akuti munthu sagogoda katatu pakhomo pamene akumuthira madzi. Alowa m'nyumba, sakudya. Musawaimbirenso." Ivy anaimbabe. Anaimba pa sitima, anaimba pa nthawi yopuma kuntchito, anaimba mpaka foni ya ku Mchinji inasiya kulowa.

A Felton anamwalira womasulira wa chipatala uja asanabwere. Mwamuna wovala tayi anafikadi sabata yotsatira, anapeza pabedipo pagona munthu wina, n'kupepesa mwaulemu.

"Manje tizachita bwanji?" anafunsa anti Mable ali m'khichini mwa Ivy, anthu a kutchalitchi atabalalika. Nthabwala zinali zitawathera. "Tingayese kukamba na bakulu ba ku mudzi. Kapena tibatumize chabe, bazakana bokosi ili pa khomo?"

"Akana," anatero Ivy. "Ndipo akavomera chifukwa cha manyazi, adadi akagona ngati mlendo. Funsani abusa za malo aja pafupi ndi amami."

Anawaika tsiku la mvula yowaza, m'manda a kuseri kwa Romford, pakati pa mkazi wawo ndi mzungu wina amene sanamudziwepo. Dothi linali lozizira monga ankanenera. Kuchokera ku Mchinji sikunabwere uthenga uliwonse. Ivy anaponya dothi lake, anaima pang'ono, n'kulitchula yekha dzina lija chapansipansi kuti mwina lingawapeze. Koma eni ake anali atatsika nalo kale, ali chilibisire, kuti mng'ono wawo asamangidwe.